A Packers anzanga, Tush Push isiyeni ikhale

M'nyengo ya 2025 mu ligi ya mpira wa ku America ya NFL, sabata siinkatha anthu osakangana za kaseweredwe kamodzi ka timu ya Philadelphia Eagles komwe amakatcha Tush Push. Ofotokozera mpira pa kanema ankadandaula, makochi ena ankang'ung'udza, ndipo eni matimu akadzakumananso nkhani yoti kaletsedwe ingathe kudzabukanso. Ine ndimachemerera Green Bay Packers, timu yomwe idakasuma kaseweredwe aka kwa eni matimu, koma pa nkhani iyi sindili nawo. Maganizo anga ndi akuti Tush Push isaletsedwe. Madandaulo omveka omwe anthu ali nawo angathe kukonzedwa ndi malamulo omwe alipo kale, bola oyimbira mpira atamawatsata, ndipo madandaulo otsalawo ndi kupweteka mtima kwa anthu omwe agonja.

Kwa omwe mpirawu sanauzolowere, nkhani yake ili chonchi. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa adani. Choncho nthawi zambiri masewero onse amadzathera pa yadi imodzi yotsala. Zikafika apa, a Eagles amathithikana pamodzi ngati anthu okankha minibasi yotitimira m'matope: zimphona zisanu za pamzere wakutsogolo zimawerama mpaka zipewa kutsala pang'ono kukhudza udzu, quarterback wawo (wosewera yemwe amatsogolera timu ikakhala ndi mpira) Jalen Hurts amalandira mpira n'kudziponya kumbuyo kwawo, ndipo anzake awiri kapena atatu amamukankha kumsana. Kukankha mnzako yemwe ali ndi mpira kudaloledwa mu NFL m'chaka cha 2005, koma kwa zaka zambiri palibe timu idaganiza zopanga zimenezi kukhala chida chake mpaka pomwe a Eagles, pansi pa kochi Nick Sirianni, adayamba kuchita mowirikiza mu 2022. A Packers adapereka pempho loti ziletsedwe, ndipo pa 21 May 2025 eni matimu adavota ku Minnesota. Matimu 22 adavomereza chiletso, 10 adakana, koma kusintha lamulo kumafuna mavoti 24 mwa 32. Chondichititsa manyazi n'chakuti 22 kwa 10 ndi momwenso a Eagles adatikwapulira mu ndime yachipulula mu January chaka chomwechi, kutangotsala milungu yochepa kuti tikasume. Aliyense adaona kuti pempho lathu likununkha mkwiyo wa ogonja.

Mfundo yoyamba ya ofuna chiletso, yomwenso ndiyolemera kuposa zonse, ndi ya chitetezo cha osewera. Iwo akuti anthu olemera makilogalamu oposa 130 akagundana mitu ili pansi, wina n'kumawonjezera mphamvu kumbuyo, tsiku lina khosi la munthu lidzathyoka, ndipo si nzeru kudikira maliro kuti lamulo lisinthe. Sean McDermott, yemwe adali kochi wa Buffalo Bills mu 2025, adali mbali imeneyi ngakhale timu yake idali yachiwiri pogwiritsa ntchito kaseweredweka. Mantha awa sindikuwapeputsa, chifukwa mpira wa ku America uli ndi mbiri yowawa pa nkhani ya kuvulala m'mutu, ndipo ligiyi idatenga zaka zambiri isanavomereze vutolo. Komabe tiyang'ane momwe NFL yakhala ikuletsera zinthu m'mbuyomu. Kugwetsa munthu pomukoka kolala kumbuyo kudaletsedwa mu 2005 Roy Williams wa Dallas Cowboys atavulaza osewera angapo, kuphatikizapo Terrell Owens yemwe adathyoka mwendo mu December 2004. Kugwetsa munthu pomugwera pamiyendo ndi chiuno kudaletsedwa mu 2024 ligi itaonetsa kuti kumavulaza anthu kwambiri kuposa magwetsedwe ena. Ziletso zonse ziwirizi zidabwera ndi mayina a anthu ovulala. Koma pa Tush Push, mkulu wa NFL Troy Vincent adanena yekha kumayambiriro kwa 2025 kuti palibe wosewera yemwe adavulala nayo mu nyengo ya 2024. N'zoona kuti mu October 2023 osewera awiri a New York Giants adavulala poyesera kutengera a Eagles, ndipo Chris Jones wa Kansas City Chiefs adamva kuwawa khosi pa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, atayesa kutchinga chogona cham'mbali. Koma kumbukiraninso kuti Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, adaguluka bondo mu October 2019 ku Denver akulowa ndi mpira pakati popanda womukankha aliyense, ndipo palibe adapempha kuti kulowa koteroko kuletsedwe. Zomwe zimavulaza kwambiri pa mpirawu ndi liwiro, pomwe anthu awiri othamanga kuchokera kutali awombana. Pa Tush Push anthu amayambira pafupi kwambiri moti sapeza danga lothamangira. Ngati ziwerengero za ovulala zidzasintha, inenso ndidzasintha maganizo tsiku lomwelo, koma lero umboni suli kumbali ya chiletso.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kaseweredweka kalibe luso ndipo kamatheka pafupifupi nthawi zonse. Awa adali mawu a Mark Murphy, yemwe adali pulezidenti wa Packers mpaka adapuma mu July 2025. Apa ndiye ndikutsutsa kotheratu, ndipo funso langa ndi losavuta: ngati palibe luso, bwanji matimu onse 32 sakuchita? Lamulo ndi limodzi kwa onse, mafilimu a masewero a Eagles aliyense ali nawo. Bungwe la ESPN lidawerengera kuti pa zaka zitatu kufika 2024, a Eagles ndi a Bills adachita kaseweredweka kambirimbiri kuposa matimu ena 30 kuwaphatikiza pamodzi, ndipo awiriwa zimawayendera maulendo 87 pa 100 alionse pomwe enawo zimawayendera maulendo 71. Kusiyana kumeneku ndiye luso lomwe likukanidwalo. Hurts ndi munthu yemwe adajambulidwa ali ku koleji akunyamula zitsulo zokwana mapaundi 600 pamapewa, omwe ndi makilogalamu oposa 270. Mzere wakutsogolo udaphunzitsidwa ndi Jeff Stoutland kuyambira 2013 mpaka nyengo ya 2025. Jordan Mailata adamutola ku Australia mu 2018 akusewera rugby, asanasewereko mpira wa ku America ndi kamodzi komwe, n'kumuumba mpaka kukhala mmodzi wa akatswiri pa malo ake. Landon Dickerson, Lane Johnson, ndi Cam Jurgens yemwe adalowa m'malo mwa Jason Kelce, onsewa timu idawasankha, kuwalipira ndi kuwaphunzitsa ndi cholinga. Kuletsa zipatso za ntchito yotereyi n'kulanga timu chifukwa chokonzekera bwino.

Komanso mawu akuti imatheka nthawi zonse ndi abodza, ndipo nyengo ya 2025 idatsimikiza zimenezi. Pa 28 November a Chicago Bears adapita ku Philadelphia, ndipo Hurts ali mkati mwa mulu wa anthu, Nahshon Wright adazembera cham'mbali n'kumutsomphola mpira m'manja. A Bears adapambana 24 kwa 15. Mu January 2024 a Tampa Bay Buccaneers, omwe ali ndi chimphona chotchedwa Vita Vea pakati, adaiimitsa pa mzere wa chigoli pa tsiku lomwe adatulutsa a Eagles ndi 32 kwa 9. A Bills nawo adalemba m'madzi mu January 2025 pomwe a Chiefs adamutsekera quarterback wawo Josh Allen pa yadi yomaliza n'kupambana 32 kwa 29. Ndipo pa Super Bowl ya mu February 2023, a Eagles adakankha momwe angathere, Hurts adalowetsa ma touchdown atatu (zigoli zofikitsa mpira kuseri kwa mzere wa adani) ndi miyendo yake, koma chikho chidapita ku Kansas City ndi 38 kwa 35. A Eagles atabwerera kudzabwezera a Chiefs mu February 2025 ku New Orleans, adapambana 40 kwa 22 chifukwa otchinga awo adamusowetsa mtendere Mahomes usiku wonse, pomwe Tush Push idangopereka touchdown yoyamba yokha. Matimu akapatsidwa nthawi amapeza mankhwala a chida chilichonse, ndipo zomwe adachita Wright makochi onse adaziona.

Tsopano tifike pa dandaulo lomwe ndikuvomereza kuti lili ndi mutu, lomwe ndi la oyimbira. Pa 14 September 2025 a Eagles adagonjetsa a Chiefs 20 kwa 17 ku Arrowhead, bwalo la a Chiefs, ndipo kanema wochedwetsa adaonetsa poyera kuti osewera a pamzere wa Eagles adadya mfulumira, kunyamuka mpira usanachoke pansi, oyimbira osaponya mbendera yosonyeza cholakwa. Dean Blandino, yemwe adakhalapo mkulu wa oyimbira a NFL ndipo pano amafotokozera malamulo pa Fox, adanena pa kanema pomwepo kuti watopa nako kaseweredweka chifukwa n'kovuta kuyimbira. Nayo ligi idavomereza pambuyo pake kuti padali cholakwa ndipo idalangiza oyimbira kuti akhwimitse. Kenaka pa 26 October, Kayvon Thibodeaux wa Giants adamulanda Hurts mpira akuutambasulira kutsogolo, koma oyimbira adaliza wezulo ponena kuti Hurts adali ataimitsidwa kale, mpira n'kubwerera kwa a Eagles. Sapota wa Giants yemwe adatukwana tsiku limenelo ndikumumvetsa. Koma tiyeni tifunse kuti cholakwika pa zochitika ziwirizi chidali chiyani. Pa choyamba, lamulo loletsa kunyamuka msanga lilipo kale ndipo chilango chake ndi kubwerera mayadi asanu. Timu yomwe idatsala ndi yadi imodzi ikabwezedwa kufika pa mayadi asanu ndi imodzi, Tush Push yathera pomwepo, chifukwa palibe amakankhana mtunda wotero. Oyimbira atangoponya mbendera kawiri kapena katatu pa nthawi yowawa, makochi a Eagles omwewo adzawauza anyamata awo kuti adikire, ndipo phindu lomwe amapeza ponyamuka msanga lidzatha. Pa chachiwiri, vuto ndi lakuti wezulo ikalira msanga, kanema saloledwa kukonza. Zimenezi zimachitika pa masewero amtundu uliwonse pomwe anthu aunjikana, kaya wina wakankhidwa kapena ayi. Ligi yomwe mu 2025 idayamba kuyeza mayadi ndi makamera a Hawk-Eye m'malo mwa unyolo ingalephere bwanji kuika munthu pa kanema woti aziyang'ana mzere wokha mpira usanachoke? Kunena kuti tiletse kaseweredwe chifukwa oyimbira akulephera kuona n'kuvomereza kuti ligi yolemera kuposa ina iliyonse padziko yagonja pa ntchito yake.

Ena amabwera ndi mfundo ya chilungamo, kuti otchinga saloledwa kukankhana kumsana pomwe adani akumenya mpira wa pagolo, ndiye bwanji omwe ali ndi mpira aloledwe? Yankho lake ndi lalifupi. Lamulo limenelo limateteza munthu woponya mpira pakati pa miyendo kupita kutali kumbuyo, yemwe mutu wake umakhala wozyolika osaona chomwe chikubwera. Pa masewero wamba, kuphatikizapo Tush Push, otchinga nawonso ali ndi ufulu wokankha anzawo kumsana, ndipo ambiri amatero.

Mfundo yomwe ndikukhulupirira kuti ndiyo ili pansi pa mtima wa ambiri ndi yakuti kaseweredweka n'konyansa m'maso, kakufanana ndi rugby, ndipo si mpira. Micah Parsons, yemwe Packers idamugula kuchokera ku Dallas mu August 2025, adalemba zonga zomwezi pa intaneti usiku wa 9 October pomwe a Eagles adakankha maulendo anayi otsatizana polimbana ndi Giants. Kuti n'kosakongola, sindikana. Munthu amene wadzuka pakati pa usiku kuno kwathu kuti aonere mpira wa ku America amafuna kuona mpira ukuuluka mayadi 50, osati mulu wa misana. Koma choyamba, masewero a usiku umenewo a Giants ndiwo adapambana 34 kwa 17. Chachiwiri, mu nyengo yonse ya 2024 kukankha kotereku kudachitika maulendo 101 okha mwa maulendo oposa 35,000 omwe mpira udaseweredwa. Okonda mpira wamiyendo akudziwa kusiyana kwa chinthu chomwe chikupha masewero ndi chinthu chomwe chikungokwiyitsa ogonja. Lamulo loletsa goloboyi kugwira mpira womubwezera mnzake lidabwera mu 1992 chifukwa matimu onse ankatayira nthawi pamenepo, ndipo World Cup ya 1990 idagonetsa anthu tulo. Chimenecho chidali chofunika kuletsa. Koma pomwe Rory Delap wa Stoke City ankaponya mpira ndi manja kuchokera kumzere mpaka pakamwa pa golo, Arsène Wenger adadandaula kwambiri, lamulo silidasinthe, ndipo matimu adaphunzira kutchinga. Lero Arsenal yomweyo ndiyo ikuopedwa pa makona, ndipo masapota ake sakupempha kuti makona aletsedwe. Tush Push ili m'gulu la Delap. Ndipo yayamba kale kubala zokoma: pa 16 November 2025 a Baltimore Ravens adaima ngati akufuna kukankha, a Cleveland Browns onse n'kuunjikana pakati, Mark Andrews n'kutembenuka kuthawira kumbali mayadi 35 mpaka kugoletsa touchdown yomwe idawapatsa chipambano. Popanda mantha a Tush Push, njomba imeneyo sikadatheka.

Kwa ife a Packers, mawu akuti si mpira ndi oyenera kuwalankhula mosamala, chifukwa mphindi yopatulika kwambiri m'mbiri ya timu yathu ndi ya quarterback akudziponya yadi imodzi m'mulu wa anthu. Pa 31 December 1967, ku Lambeau Field, bwalo lathu, kukuzizira madigiri 25 pansi pa ziro, kutatsala masekondi 16, Bart Starr adalowa kumbuyo kwa Jerry Kramer ndi Ken Bowman n'kugonjetsa Dallas 21 kwa 17. Ofuna chiletso amakonda kuloza chithunzi cha tsikulo pomwe Chuck Mercein, ali kumbuyo kwa Starr, wakweza manja m'mwamba. Ambiri amayesa akusangalala, koma iye adafotokoza kuti ankaonetsa oyimbira kuti sakukankha, poti nthawi imeneyo kukankha kudali mlandu. Iwo amati apa pakuoneka kuti mwambo wa mpirawu ndi wosakankha, ndipo pempho la Packers limangofuna kubwezeretsa lamulo lakalelo. Mfundoyi ndi yabwino, koma ikusiya mbali ina. Lamulo lakalelo lidachotsedwa mu 2005 chifukwa oyimbira ankalephera kusiyanitsa munthu yemwe akukankha mnzake ndi yemwe akukankha mdani mkati mwa mulu. Ndiye anthu omwe akudandaula kuti Tush Push njovuta kuyimbira akufuna kubwezeretsa lamulo lomwe lidafa chifukwa chovuta kuyimbira. Taganizani wothamanga ndi mpira waimitsidwa pa yadi yomaliza, anzake abwera kudzathandiza monga zimachitikira sabata iliyonse, woyimbira n'kufafaniza touchdown ya pa Super Bowl poti dzanja la wina lidakhudza msana wa mnzake. Mikangano yomwe tili nayo lero idzaoneka yaing'ono. Ndiponso, poti tikukumba zakale, Jethro Pugh wa Dallas yemwe adakankhidwa tsiku lija ankanenetsa kuti Kramer adanyamuka mpira usanachoke. Mlandu womwe tikuwaimba a Eagles lero ndi womwe anthu a ku Dallas akhala akutiimba kwa zaka zoposa 50.

Chomwe chidandilimbitsa mtima kuti ndilembe zonsezi ndi masewero a pa 10 November 2025, pomwe a Eagles adabwera ku Lambeau Field. Anthu adawatcha masewero a Tush Push, oisuma kukumana ndi eni ake. Zomwe zidachitika n'zakuti pofika pa nthawi yopuma palibe timu idagoletsa, ndipo mapeto ake a Eagles adapambana 10 kwa 7. Otchinga athu adagwira ntchito yotamandika, chifukwa kupanikiza akatswiri a ligi mpaka kupeza mapointi 10 okha si masewera. Chidatigwetsa ndi chiyani? Kumapeto kwenikweni, ife ndife tidatsala ndi yadi imodzi pa mpata wachinayi. Tidapereka mpira kwa Josh Jacobs ali kumbuyo, a Eagles adadziwiratu komwe akulowera, adamutsekera, mpira n'kumupulumuka. Brandon McManus adayesa kumenya wa pagolo kuchokera mayadi 64 pa sekondi yomaliza koma sudafike komwe umafunika. Kameneka kadali kachitatu a Eagles kutigonjetsa kuyambira pa masewero a ku São Paulo mu September 2024 omwe adathera 34 kwa 29. Pa maulendo atatu onsewa palibe pomwe munthu woona mtima anganene kuti tidagonja chifukwa Hurts adakankhidwa kumsana. Usiku wa pa 10 November timu yomwe idasowa njira yodalirika yopezera yadi imodzi idali yathu, ndipo njira yoteroyo ndi yomwe tidathera miyezi tikupempha kuti anzathu alandidwe.

Pa chifukwa ichi, pempho langa kwa Ed Policy, yemwe adalowa m'malo mwa Murphy, ndi lakuti eni matimu akadzakumana dzina la Packers lisadzakhalenso pa kalata yopempha chiletso. Timu yathu ndi yokhayo mu NFL yomwe eni ake ndi masapota wamba, ndipo ili m'tauni ya anthu ongopitirira pang'ono 100,000, choncho imapulumuka chifukwa cha mfundo yakuti malamulo ndi amodzi kwa onse ndipo wochenjera ndiye apambane. A Detroit Lions, adani athu a mugulu limodzi omwenso amavutika ndi a Eagles, adavota kuti Tush Push ikhale. Ngati Policy akufuna kupita ndi pempho, apite ndi loti kanema aziloledwa kugwira onyamuka msanga pa yadi yomaliza, ndiponso loti mpira wolandidwa wezulo itangolira kumene uziunikidwanso. Limenelo lingapeze mavoti 24 mosavuta, ndipo a Eagles sangapeze chifukwa cholikanira. Kochi Matt LaFleur naye ali ndi ntchito yake: mu 2024 ankagwiritsa ntchito Tucker Kraft kulowa ndi mpira pakati pa yadi yomaliza ndipo zinkayenda, koma Kraft adavulala bondo pa 2 November 2025 ndipo sadaseweranso mpaka nyengoyo idatha. Masewero ena asanatipeze pa yadi imodzi ina, pakufunika munthu wina wamphamvu aphunzire ntchito imeneyo, ndi anzake awiri omukankha kumsana.